Udzu wa pa Doko la Mai Juliana

Mai Juliana akalambira pa doko la kwa Mbenje, pomwe anthu ankadikirira bwato lopita ku chilumba cha Nyankhwazi. Ntchito yawo inali kukazinga milamba, koma chuma chawo chenicheni chinali kuchedwa kwa bwato. Munthu akadikira amamva njala, akadya amamasuka pakamwa. N'chifukwa chake mimba iliyonse ya m'deralo inkadziwika pa chiwaya chawo mwini wake asanayambe n'kulavula komwe. Ana awo onse analeredwa ndi chiwaya chimenecho, bambo wawo Antonio atapita ku Mozambique kukaona abale. Mpaka lero akuwaonabe.

Kenako kunabwera omanga mlatho, anthu aulemu zedi. Simenti sanatayire m'madzi. Mzati wina anachita kuusuntha kuti mvuu zisasowe njira. Nyengo yoti nsomba ziswe, makina onse anazima.

"Ndikanabadwa ng'ona, bwenzi atabwera kudzandifunsa maganizo," ankatero Mai Juliana.

Anawafunsadi kanthu kamodzi: ngati angafune ganyu yodzala udzu wa vetiva kuti gombe lisagumuke. Anadzala mokondwa, mzere ndi mzere, mpaka pamene pankakhala mafuwa awo.

Mlatho utatsegulidwa, anthu anayamba kudutsa pa njinga zamoto, moni n'kumangouponya m'mbuyo ngati chitsononkho. Komabe mayiwo anabweza mafuwa pamalo pawo n'kukoleza moto, poti mwina wina angatsike. Amene anatsika ndi mlonda wa gombe, atavala yunifolomu yatsopano. Anali Feston, mkamwini wawo, munthu woti chikwatirire mwana wawo sanawayang'anepo kumaso. Ananjuta chapatali, nkhope italoza kumadzi.

"Amayi, akuti pano moto ayi. Udzuwu ndi wotetezedwa."

"Mukuuza ine kapena mvuu, bambo?"

"Inuyo, amayi."

"Udzu umenewu anadzala ndani?"

"Ndinu, amayi. Mabwana amayamikira kuti munadzala bwino."

"Nanga ndikapanda kuchoka?"

Feston anavula chipewa n'kuyamba kuchipindapinda.

"Ndiye kuti achotsa ine."

Mai Juliana anayang'ana mafuta akuthetheka. Zidzukulu zawo zimadya pa yunifolomu imeneyo, ndipo chimodzi mwa izo chili ndi chifuwa chosatha. Anathira madzi pamoto, nasenza chiwaya chikadali chofunda.

"Mafuwawo mutaye nokha, ine sindiwakhudza."

Pokwera mtunda ankaponda mosamala, kuopa kuthyola udzu wa eni ake.