Ngwee Yosayenda

Dzulo ndinapeza ngwee ya ku Zambia m'thumba la jekete, fungo la zitumbuwa za pa Namitete n'kundibwerera.

Ndili mwana, amalume anandipatsa yotereyi atachokera ku Chipata. Mlongo wanga ankalira ndi njala, ndiye ndinathamanga nayo kumsika.

"Imeneyi siyenda kuno, mwanawe," anatero amayi ogulitsa zitumbuwa.

Ndinaitembenuza. Miyendo inalibedi. Ndinapita kwa adalaivala a lole yopita ku Chipata.

"Bambo, ndalamayi siyenda. Mukaitule kwawo, mundisiyire yoyenda."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga ya thiransipoti?"

"Ndi kamwana aka, kakhala pamiyendo."

Anandipatsa matambala okwana zitumbuwa ziwiri. Chimodzi ndinadyera panjira, chinacho chinatontholetsa mlongo wanga.

Ndasintha ndalama m'maboda ambiri, koma mtengo wokoma chonchija sindinaupezenso.