Bokosi Lomwe Ndidakana Kutsekula

Ndidaima pakhomo la kuchipinda, manja onse atagwira mafelemu. Achimwene adali patsogolo panga, Baibulo lili m'khwapa. Kumbuyo kwawo kudali akulu a mpingo anzawo awiri ndi amayi anayi atavala zoyera ngati akupita kumaliro.

"Tulutsa bokosilo," adatero achimwene. "Ulitsekule pabwalo apo dzuwa likuswa mtengo, aliyense aone."

"Silituluka."

"Iwe, ukuyankha ine?"

"Ndikuyankha inu, achimwene. Silituluka."

Bokosilo ndi lachitsulo. Ndidabwera nalo kuchokera kumigodi ku Joni. Tsikulo mudali timabotolo khumi ndi tiwiri, tokulungidwa m'mapepala akuda. Tina khumi ndi tiwiri tidali panja pathandala, padzuwa. Monsemo mudali madzi ofiira. Mwini wake adali mwana wanga wamkazi, chitsirizira.

Ine sukulu ndidalekera Sitandade 5. Mwanayu adatenga mutu womwe sindikudziwa kochokera. Ali wamng'ono adandifunsa chifukwa chomwe chitenje cha malemu mayi ake chidachuluka mbali imodzi yokha. Ndidati dzuwa limadya nsalu. Iye adati limadya ndi chiyani poti lilibe mano. Ndidamutuma kukatunga madzi.

Funsolo sadalisiye. Adapita nalo kusekondale, adapita nalo kuyunivesite ku Zomba komwe adasankha kemisitiri, kenaka adawoloka nalo nyanja. Abale ankafuna unamwino. Atabwerako akutchedwa dokotala, anthu adafika pakhomo ndi misana yawo ndi mano awo. Iye adawauza kuti si dokotala wa matenda. Achimwene adaseka mpaka kutsokomola.

"Dokotala wanji wosadziwa kubaya jakisoni? Zaka zonsezi amakaphunzira kusukuluza nsalu?"

Ine ndemwe sindinkamvetsa ntchito yake. Tsiku lina tikutong'ola chimanga ndidamufunsa. Adati m'chinthu chilichonse muli tinthu tosaoneka totchedwa maelekitironi. Kuwala kukamenya, kamodzi kamanyamuka pamalo pake n'kudumphira kwina. Iye amafufuza kuti kanyamuka liti, kafika kuti, ndipo kabwerera kapena ayi.

"Ngati ife a ku Joni," ndidatero. "Ena kubwerera, ena kutchona."

"Ndi zomwezo, ababa. Koma ine ndimafuna otchonawo. Kakabwerera msanga palibe chomwe tapindula. Kakapitirira ulendo, ndiwo magetsi amenewo."

Apo ndidamva. Sindidafunsenso.

Pali chinthu chomwe ndidamulakwira mwana ameneyu. Chaka chake chomaliza ku Zomba adabwera kutchuthi ndi kabotolo kokulungidwa m'pepala lonyezimira. Iye atapita kumjigo, ndidakafutukula, n'kukakweza padzuwa monga timachitira ndi dzira poona ngati lili ndi mwana. Madzi ake adali achikasu. Ndisadatsitse mkono, adali atada ngati tiyi. Atabwera adakayang'ana, n'kukhala pansi pakhonde ndowa ili pamutu. Idali ntchito ya teremu yonse.

"Palibe kanthu, ababa," adatero.

Mwala udandiphwanyapo chala kumgodi. Sudapweteke ngati mawu amenewo.

Tsono chaka chomwe ndikunenachi adabwera m'chilimwe kuchokera kulabu, nyumba yoyesera za sayansi, komwe amagwira ntchito mumzinda. Adali atafinya mtundu wofiira kuchokera ku chidede ndi mabulosi. Ankafuna kuona ngati mtunduwo ungagwire dzuwa n'kupereka magetsi monga amachitira magalasi a sola. Vuto lake, umachuluka ngati chitenje chija. Adathiramo zina zoti uchedwe kuchuluka, ndipo ankafuna kuyesa padzuwa la kwathu kuno ku Champiti, osati pa nyale za kulabu zokha.

Adandisiyira ntchito ya masabata asanu ndi limodzi. Eyiti koloko m'mawa, timabotolo pathandala. Folo koloko, m'nyumba. Ndikatha ndifanizire mtundu wake ndi kakhadi komwe adandipatsa, ndilembe nambala m'kope. Ta m'bokosi tisaone kuwala ngakhale kamodzi.

"Amenewa ndi mboni, ababa. Ndikadzabwera ndidzafanizira a padzuwa ndi a mumdima. Mboni zikaona kuwala, a padzuwawo sanenanso kanthu."

Adandiyang'ana nthawi yaitali asadandipatse kiyi wa loko. Tonse tinkakumbukira kabotolo kaja. Palibe adakatchula.

Masabata anayi adayenda bwino. Kenaka mdzukulu wa achimwene adadwala, ndipo kuchipatala adati magazi achepa m'thupi. Mayi wina yemwe ankadutsa pakhomo panga popita kudimba adali ataona timabotolo tofiira. Adaonanso kuti tsiku ndi tsiku kufiirako kukuchepa. Nkhani idayenda yokha. Magazi a mwana ali pathandala pa uje, ndipo pali chikuwamwa. Za bokosi anthu adauzidwa ndi mlamu wanga yemwe adaliona posesa.

N'chifukwa chake anthu aja adabwera pakhomo panga tsikulo.

Ndidatenga botolo lalikulu la zotsala lomwe mwana wanga adasiya pawindo. Ndidalitsekula n'kupatsa mmodzi wa akuluwo.

"Nunkhizani. Magazi amenewo?"

Adanunkhiza n'kukwinya mphuno. "Izi zikumveka ngati kachasu."

"Mwamudziwa bwanji kachasu, inu mkulu wa mpingo?"

Mayi mmodzi adaseka, n'kubisa pakamwa ndi mpango. Mkuluyo adabweza botolo msangamsanga. Ndidawauza kuti ndi chidede chonyikidwa mu sipiriti. Chidede chomwecho amathira nsinjiro akazi awo.

"Za padzuwazo taziona," adatero achimwene. "Tikufuna zobisikazo. Chinthu chabwino chikuopa chiyani kuwala?"

"Inu mudagulitsapo kachewere pa Lizulu zaka zingati? Wakudya mumasunga kuti, padzuwa? Sabiriwira?"

"Usandiphunzitse za mbatata."

"Chabwino. Lowani mmodzimmodzi. Titseke chitseko, titchinge windo ndi bulangete. Mupapase ndi manja, muwerenge, mununkhize. Zokhazo ndilola."

Adayang'anana. Palibe adasuntha. Kwathu kuno chinthu chokayikitsa sachionera m'chipinda. Amachitulutsa pabwalo, anthu n'kuzungulira, ndipo akachiona amachitentha kapena kuchisiya. Ndidakula ndikuona zimenezo ndipo ndinkazivomereza. Koma pano kuchitulutsa kokhako kudali kuchipha.

"Muimbire mwana wanuyo," adatero mmodzi wa amayiwo. "Atiuze yekha."

Ndidaimba, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Adawapatsa moni mwaulemu, aliyense payekha. Adafunsa za mwana wodwalayo, n'kuwauza kuti asasiye mankhwala a kuchipatala. Kenaka adafotokoza za chidede, za kuwala, za mboni. Adafotokoza bwino, m'Chichewa chomveka. Achimwene adamvetsera nkhope ili kumbali.

"Wamaliza? Tamva, mayi dokotala. Tsono uza bambo akowa atsekule."

Foni ndidaichotsa pa mawu okweza n'kuiika kukhutu.

"Ababa," adatero motsitsa, "ngati zavuta tsekulani. Musadane ndi abale chifukwa cha mabotolo. Ndidzayambiranso chilimwe chamawa. Palibe kanthu."

Mawu omwe aja. Ndidazimitsa foni n'kuiika m'thumba.

"Wati bwanji?" adafunsa achimwene.

"Wati moni kwa alamu."

Ndidakoka chitseko cha kuchipinda, n'kukhoma, n'kukhala pampando patsogolo pake. Adaimba nyimbo imodzi pabwalo, adapemphera pemphero lalitali lomwe dzina langa lidatchulidwamo kasanu, n'kumapita. Folo koloko itakwana ndidalowetsa timabotolo. Ndidalemba nambala m'kope.

Sabata imeneyo palibe adandipatsa moni panjira. Mlamu adasiya kubwera kudzasesa. Ndinkapita kumunda kiyi ali m'khosi pachingwe, ndipo ndinkabwerako msanga. Mwana wodwala uja adatuluka m'chipatala Lachinayi akuyenda yekha. Ndidaganiza kuti nkhani yatha. Anthu adati wachira chifukwa cha pemphero lija, ndiye kuti m'bokosimo mulidi kanthu.

Loweruka masana adandiitana kubwalo la akulu a mpingo. Tidakhala panja, kuseri kwa tchalitchi, pamabenchi. Njerwa za khoma la tchalitchilo zina ndidaumba ndine, nditangobwera ku Joni. Ukwati wanga adadalitsira momwemo. Maliro a mkazi wanga adatulukira momwemo.

Adalankhula nthawi yaitali. Wina adati sakunena kuti ndine mfiti, koma mitima ya nkhosa yakhumudwa. Wina adati mwana wamkazi akaphunzira kwambiri amakwera makolo pamutu. Apo ndidayankha.

"Mwana wanga musamutchule. Zaka zonse wakhala akufunsa funso limodzi, ndipo sadabe nkhuku ya munthu. Nenani za ine."

Achimwene ndiwo adapereka chigamulo. Mawu awo adali otopa, ndipo sadandiyang'ane.

"Mphwanga, tabadwa mimba imodzi. Sindikufuna zimenezi. Mawa ubwere nalo bokosilo, ulitsekule pamaso pa mpingo tikatuluka m'mapemphero. Mphindi zisanu zokha. Ukakana, pa mgonero usadzayandikirenso kufikira utalapa."

"Kwatsala masabata awiri osakwana," ndidatero. "Dikirani. Mwini wake adzatsekula yekha m'chipinda, akatha ntchito yake adzakuonetsani zonse pabwalo."

"Mawa," adatero. "Anthu sadikira."

"Mboni zikaona kuwala..."

"Mboni zake ziti? Ndi mabotolo, iwe! Ukusinthanitsa gome la Ambuye ndi mabotolo?"

Mlembi adali atagwira cholembera pamwamba pa buku kudikira yankho langa.

Ndidayang'ana pansi. Mthunzi wa khoma udali utafika pa mtengo womwe amapachikapo limu ya galimoto yoimbira belu. Mthunzi ukafika pamenepo, folo koloko yayandikira. Kuchokera kutchalitchi kukafika kwanga ndi mtunda ndithu, ndipo bondo langa lamanzere silifuna kuthamanga. Timabotolo tidali tikadali pathandala.

Ndidatola chipewa changa pabenchi, n'kuchikung'untha fumbi, n'kuvala.

"Tikudikira, mphwanga," adatero achimwene.

Ndidadutsa pakati pa mabenchi, n'kulowa njira ya kwathu.