Makompyuta Okalamba a ku Kaumbwe

Ennie anadina batani, anadinanso, thukuta lili kamukamu. Kompyuta inangotulutsa kamzele konena kuti yakana. Ana a sukulu ina ya ku Kaumbwe, amene anadzaza chipinda kudzaona zodabwitsa, anayamba kutuluka mmodzimmodzi.

"Amai, mwayesa," anatelo a Daka, ahedi a sukuluyo. "Tikatseka sukulu, makompyutawa tigulitsa kwa ogula zitsulo."

Ennie anakwela basi yobwelela kwawo ku Petauke akulila, osabisa n'komwe.

Inu ofuna chilimbikitso, mumve kumene misoziyi inachokela. Ali mwana, Ennie analephela mayeso a kompyuta pasukulu yomweyo, chifukwa kiyibodi ankangoiona pabolodi, yojambulidwa ndi choko. Zambili anadzaziphunzila yekha pakabenchi kake kokonzela mafoni. Atamva kuti sukulu yapatsidwa makompyuta akale okana mapulogalamu a masiku ano, mtima wake sunakhalenso m'malo.

Panafunika kompaila, chida chosandutsa zolemba za munthu kukhala malamulo amene makina amamva. Yoyenela makina okalambawo sinapezeke, ndiye anayenela kuimanga yekha kuchokela ku zolemba zoyambilila za kompailayo. Nchitoyi ili ndi dongosolo lake. Umamanga kompaila yoyamba ndi zida za kompyuta ina, monga wosula amabweleka nyundo kuti asule yakeyake. Kenako yoyambayo imamanga zotsala, n'kudzimanganso yokha kuti isadalile zobweleka.

Koma Ennie ndi phuma lake! Gawo lomalizali analidumpha. Pa laputopu yake zonse zinkayenda bwino, poti zinkatsamila mafayilo a momwemo. Ku Kaumbwe kunalibe chotsamila.

"Bwelela ku mafoni, makasitomala akukufunafuna," anatelo mlongo wake Eustace.

"Ndikasiya, ana aja adzaona kiyibodi pabolodi ngati ine," anayankha.

Anafafaniza zonse n'kuyambilanso. Malaiti ankapita nchito ili pakati, iye n'kuthamanga ndi laputopu kwa mnzake wa magetsi a sola. Dzuwa la Okutobala likaitenthetsa mpaka kuzima, ankaisanjika panjelwa, pambali pa thumba lonyowa. Kudikila ndiko kunkamupweteka. Kukhala pansi ayi, kudya ayi, amangozungulila kabenchi, maso pa mizele yothamanga pagalasi. Dzanja linkamuyabwa kuti adumphenso, koma ulendo uno analigwila. Kompaila itadzimanga yokha, anaimangitsa mapulogalamu onse.

Tsiku lotsekela sukulu, atafika ku Kaumbwe, anapeza kagalimoto ka ogula zitsulo kali kale pabwalo. Makompyuta anali atatulutsidwa pakhonde.

"A Daka, ndibwelekeni imodzi yokha," anapempha.

Ahedi anazengeleza, kenako anagwedeza mutu kuvomela. Ennie analumikiza nthambo, n'kulowetsamo mapulogalamu aja, n'kudina. Kompyuta inalila ngati ikutsokomola, ndipo galasi linawala. Anaitana mtsikana wina dzina lake Rita, amene anasakasaka zilembo ndi chala chimodzi mpaka dzina lake linaoneka pagalasi.

A Daka anatembenukila kwa ogula zitsulo aja. "Abambo, pepani, lelo tilibe chogulitsa. Tithandizeni kubwezela mkati."

Kodi inu munadumpha gawo liti, n'kugwa anthu akuona? Zimawawa, sindikunamizani. Koma bwelelani pomwe munadumphapo, muyambilenso bwinobwino. Osataya mtima, pali wina amene akudikila kulemba dzina lake chifukwa cha inu.