Tsitsi la mng'ono wa Adona

Chinali chitini cha mabisiketi, chobiriwira, chadzimbiri m'makona, ndipo pachivundikiro panali chithunzi cha hatchi yofufutika mutu. Amayi anabwera nacho Lachinayi lina atachikulunga m'juzi ngati munthu wobisa nkhuku ya eni ake. Sanachiike patebulo. Anakwera pampando n'kuchikankhira pamwamba pa wadirobu, kuseri kwa masutikesi, kenako anandiloza chala.

"Ukangochigwira, undiona."

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ku Mangalande ndinali nditangotha miyezi itatu. Tinkakhala kudera lina la m'tauni lotchedwa Whitmore Reans, m'nyumba zija zogundana makoma, zoti woyandikana naye akayetsemula umatsala pang'ono kumupepesa. Tinalipo atatu: amayi, ine ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankapakira katundu ku weyahausi n'kumagona pasofa masana. Amayi ankasamalira okalamba m'makomo mwawo, kudumpha basi iyi kukwera iyo, ndipo pa makilayenti awo onse amene ankamutchula kawirikawiri anali mayi wina wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wokhala yekha. Dzina lake linkawavuta lilime, choncho ankangoti Adona.

Lachinayi limenelo Adona anagwa kubafa n'kuthyoka chiuno. Podikira ambulansi yowatengera kuchipatala cha New Cross, anagwira amayi padzanja n'kuwauza kuti atenge chitini chimene chinali pansi pa bedi. Panali wachibale wa malemu amuna awo amene ankafuna kale kukhuthula nyumbayo, ndipo Adona ankadziwa kuti iwo akangogonekedwa, katundu yense athera kudzala. Anati pali mayi wina wa kumalo kosungira zolemba zakale ku Birmingham amene anapangana naye kuti adzatenge zinthuzo, koma kufikira tsikulo amayi awasungire. Lamulo la kuntchito linkaletsa kutenga ngakhale supuni m'nyumba ya kilayenti. Amayi anatenga, poti munthu ali gone pansi akulira sungamuwerengere malamulo.

Amalume sanachikonde chitinicho kuyambira tsiku loyamba. Komanso amalume ankakayikira chilichonse: wobweretsa makalata, mphaka wa aneba, munthu aliyense wolendeweretsa khadi pakhosi. Lero ndimawamvetsa, mapepala awo okhalira m'dziko muno anali pafupi kutha ndipo kugogoda kulikonse kunkawadula mtima. Koma pa nthawiyo ndinkangoona kuti ndi munthu wodziwa zinthu zimene ife sitikuziona.

"Mzungu ali ndi banki, ali ndi loya, ali ndi abale ake," ankatero. "Nanga wasankhiranji inuyo, achemwali?"

Sabata yomweyo ndinayamba kutuluka kamfuno. Kanayambira kusukulu, dontho lofiira pakope la masamu, kenako lina, mpaka aphunzitsi anandikhazika pafupi ndi khomo nditaweramitsa mutu. Kanabweranso mawa lake, n'kubweranso. Ndinkadzuka pilo ali ndi madontho ouma, m'kamwa mukumveka ngati ndanyambita ndalama yachitsulo. Kunja kunkazizira moti zala zinkakana kumanga mabatani, m'nyumba hita ili ngwee tsiku lonse. Amayi ankandiyang'ana m'mphuno n'kundigwira pachipumi. Amalume ankangoyang'ana kudenga, kumene kunali chipinda cha wadirobu ija.

Mwana ukamuletsa chinthu ndiye kuti wamutuma. Loweruka lina amayi ali pa shifiti yaitali, amalume akuliza mkonono, ndinakoka mpando. Chivundikiro chinalimba, ndinachita kuchitsegula ndi chogwirira cha supuni. Munatuluka fungo la mapepala akale, la fumbi losakanikirana ndi sopo. Pamwamba panali makalata a mapepala opyapyala, olembedwa mopendama m'chilankhulo chimene sichinali Chingerezi. Panali zithunzi: bambo wachipewa ataima pakhomo la sitolo, mayi wosaseka, atsikana awiri ovala madiresi ofanana, wamkulu atagwira wamng'ono paphewa. Panalinso kakhadi kachikasu kokhala ndi nambala, komanga chingwe. Kameneko ndinakazindikira msanga, chifukwa inenso ndinabwera ndekha pandege nditavekedwa kakhadi pakhosi kuti ndisasochere, ndipo ndinasangalala kuti winanso anayendapo ngati katundu.

Pansi penipeni panali kansalu koyera komanga mfundo. Ndinamasula. Munali tsitsi. Linali loluka bwino, lofiirira, lotalika ngati chikhatho changa, lomangidwa ndi ulusi wofiira kumapeto konse, ndipo pambali pake panali kapepala kolembapo liwu limodzi lokha. Linali lofewa kuposa tsitsi lililonse limene ndinaligwirapo. Ndili chiligwirire, ndinamva kutentha m'mphuno, ndipo dontho linagwera pakona pa kansaluko. Nditakweza maso, amalume anali pakhomo.

Sanandimenye, sanakalipe. Anangoti ndiike pansi, ndikasambe m'manja ndi mchere. Zinandiopsa kuposa mbama.

Amayi atafika, asanavule n'komwe yunifolomu, amalume anawayalira zonse patebulo la kukhitchini.

"Tsitsi la munthu. Dzina lolemba papepala. Zomanga pakansalu. Achemwali, kwathu zimenezi timazitcha chiyani?"

"Azungu sachita zimenezo, achimwene."

"Anakuuzani ndani? Nkhalamba yagwa, ikufuna kudzuka. Idzukira magazi a ndani? Mwana akutha uyu inu muli bize ndi mashifiti."

Ndiyenera kunena pano kuti amayi sanali munthu wopusa, ndipo Adona ankawakonda zenizeni. Ankawabweretsera nkhani zawo ngati za mnzawo: kuti Adona sadya nkhumba, kuti Lachisanu dzuwa likamalowa amayatsa makandulo awiri n'kuphimba maso, kuti sataya ngakhale khoko la buledi. Koma tsiku limenelo nkhani zomwezo zinasintha nkhope. Makandulo a chiyani? Aphimbiranji maso? Bambo anga anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, atangodwala masiku anayi mkangano wa munda uli mkati, ndipo mudzi wonse unali ndi yankho lake pa imfa imeneyo. Amayi anali atataya mwamuna ali kutali kuno, akusamalira makolo a eni. Tsopano mwana mmodzi yekha amene anali naye anali kutuluka magazi pamaso pawo.

Amalume anati tsitsilo liwotchedwe, koma amayi anakana usiku wonse wa Lowerukalo. Lamulungu titabwera kutchalitchi kamfuno kanayambanso, kambiri, mpaka kunyowetsa kolala ya diresi langa loyera. Amayi anandipukuta, manja akunjenjemera.

"Chitani zimene mukuona, achimwene. Koma makalatawo musawakhudze."

Atatero anapita kusinki n'kutsegula mpopi mwamphamvu, ngakhale kuti mbale zinali zotsuka kale. Amalume anatulutsa kambaula kowotchera nyama kuseri kwa nyumba, anakoleza moto, anawaza mchere, anapemphera mwachidule. Ine ndinkaonera pazenera. Tsitsilo linakwinyika, linathetheka, ndipo fungo linalowa mpaka m'nyumba, fungo lija la mutu wa mbuzi akamauwawula. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Kapepala ka dzina kanapita nalo limodzi. Aneba anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati tikuwotcha nyama m'chisanu chonsechi, ndipo amalume anaseka nawo. Kansalu amayi anakachapa, koma dontho langa silinachoke bwinobwino. Anakapinda n'kukabwezera pansi pa makalata.

Patatha masabata awiri kamfuno kanatha. Amalume ankayenda ngati wawina mlandu. Lero ndine namwino, ndipo ndikudziwa zimene mpweya wouma wa hita umachita m'mphuno mwa mwana amene wakulira kotentha. Ndikukumbukiranso kuti masabata omwewo amayi anayamba kundipaka mafuta m'mphuno monga anawauzira dokotala. Koma m'nyumba mwathu ulemu wonse unapita kwa kambaula, ndipo ine ndinali woyamba kukhulupirira.

Teremu yomweyo aphunzitsi anatiphunzitsa za nkhondo yaikulu. Anatiuza kuti boma la Anazi ku Jeremani linkasaka Ayuda, ndipo makolo ena anakweza ana awo sitima kuwatumiza kuno okhaokha, atawaveka manambala pakhosi. Dzanja langa linatsala pang'ono kukwera kuti ndinene kuti kakhadi kotero ndinakagwirapo. Ndinalibweza, chifukwa amayi ankati za m'nyumba sizipita kusukulu. Ndinaona ngati zangofanana basi. Za m'buku zinali za m'buku, Adona anali nkhalamba imene inafuna magazi anga.

Adona sanabwererenso kunyumba kwawo. Kuchokera kuchipatala anawapititsa kunyumba yosungira okalamba, ndipo wachibale uja anakhuthula nyumba monga ankafunira. Masamba atayamba kuphuka m'mitengo, uthenga unabwera woti amayi abweretse chitini. Ananditenga, sindikudziwa ngati kunali kusowa wondisiyira kapena kuopa kupita okha. Ndinkayembekezera kuona mfiti. Ndinapeza kamayi kakang'ono pampando wamatayala, katsitsi koyera, kamene kanandipatsa switi n'kundifunsa ngati ndazolowera kuzizira. Switiyo ndinaibisa m'sokosi, sindinadye.

Mayi wa kosungira zakale uja analipo, ali ndi kope ndi pensulo. Adona ankatulutsa chinthu chimodzichimodzi n'kufotokoza, iye akulemba. Awa ndi bambo, iyi sitolo yathu. Awa makalata a amayi, anasiya kubwera nkhondo itakula. Uyu ndine, uyu mng'ono wanga. Anati malo pasitima anapezeka a mwana mmodzi, ndipo makolo awo anasankha wamkulu poti wamng'ono ankaliralira usiku. M'mawa wa ulendo, amayi awo anadula luko limodzi la tsitsi la wamng'onoyo n'kumupatsa wamkulu kuti asunge mpaka adzaonane. Sanaonanenso, wamng'onoyo anamwalira nkhondo ili mkati.

Kenako anatulutsa kansalu. Anakafunyulula, anakatembenuza, anakakutumula pang'ono. Zala zawo zinabwerera m'chitini, kupapasa m'makona, kukweza makalata amene anali atawaona kale. Anayang'ana amayi.

"Zonse ndi zomwezo, Adona," amayi anatero m'Chingerezi, maso ali pansi.

Ndinadikira kuti akuwe, atitche akuba, aitane apolisi amene amalume ankawaopa aja. Sanatero. Anangoti mwina analitulutsa okha tsiku lina n'kuliika m'dirowa, poti mutu wawo masiku ano unkataya zinthu. Dirowayo inali itapita kale kudzala. Anadzimenya pachifuwa pang'onopang'ono ndi chibakera, akudzitcha chitsiru chokalamba. Anasunga zaka zonsezi, anatero, n'kudzataya yekha kumapeto. Anagwiranso dzanja la amayi n'kuwathokoza powasungira zotsalazo.

Amayi anafunsa funso limene munthu wa kwathu aliyense amafunsa akamva za maliro, loti mng'ono wawoyo anaikidwa kuti.

"Alibe manda," Adona anayankha.

Chaka chatha ndinapita ku Birmingham, kumalo kosungira zakale kuja. Amakuuza kusiya chikwama panja, kusamba m'manja, kulemba ndi pensulo yokha. Anandibweretsera bokosi laimvi, chilichonse chili m'chikwama chakechake. Munali kalata ya Chingerezi imene ndili mwana ndinaidumpha, yankho la ofesi yofufuza anthu osowa nkhondo itatha. Inkati mayi ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi anakwezedwa sitima yopita kum'mawa, ndipo palibenso china chodziwika. Lero ndikudziwa kuti masitima amenewo ankathera kumisasa kumene ankapha Ayuda n'kuwotcha mitembo yawo. Pamndandanda wa zinthu, chomalizira analemba kuti ndi kansalu koyera kothimbirira pakona, kosadziwika ntchito yake. Mtsikana wa pakauntala anandifunsa ngati ndine wachibale. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu za banjali koti awonjezere, ndipo ndinapempha pepala. Ndinalemba zonse, ndi dzina langa pansi. Adona anamwalira kalekale akudziimba mlandu, ndipo pepala langalo silingawafikire. Zimandipweteka mpaka lero.

Tsiku lobweza chitini lija, pobwerera, amayi anakhala pampando wa kuzenera m'basi. Tisanafike pa siteji yathu anadina belu, tinatsika, ndipo anakhala pakakhoma ka nyumba ya eni n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwa pamaliro, azungu akudutsa motilambalala. Ine ndinachita manyazi. Ndinawakoka mkono, ndikuwauza m'Chingerezi changa chatsopano kuti anthu akutiona. Mumtima ndinkadabwa kuti chowaliza n'chiyani, poti Adona sanatigwire ndipo mphuno yanga inali itachira. Zoti alibe manda ndinazimva monga mwana wa kwathu angazimvere: ndinkaganiza kuti abale ake anasowa simenti yomangira chiliza, koma mtumbira ulipo penapake pansi pa mtengo, ndipo alipo amene amakalimirapo udzu mvula ikatha. Sindinkadziwa kuti munthu angachotsedwe padziko osatsala fupa, osatsala dothi loti m'bale wake aloze. Sindinkadziwa kuti thupi lonse la mwana uja limene linatsala linali lija ndinaligwira m'manja, ndipo kuti moto umene unalephera kulipeza kwawo tinadzaukoleza ife kuseri kwa nyumba yathu, titawaza mchere.