Makina anga osokera apita pa njinga

Salamu nonse.

Lero Lachinayi, 9 koloko m'mawa, alamu anga a Saidi, ang'ono awo a malemu bambo anu, abwera ndi njinga n'kunyamula makina anga osokera. Akuti ndi katundu wa malemu chifukwa pa lisiti pali dzina lawo.

Makinawo ndinagula ndine, nthawi ya chipani chimodzi, sitolo yaikulu ya ku Mangochi boma itatsitsa mitengo. Ndinachita kugulitsa usipa ku Lungwena kuti ndiwapeze. Tsikulo anyamata a chipani anandibweza pakhomo pa sitolo chifukwa ndinaiwala khadi, ndiye bambo anu analowa okha kukandigulira. Dzina lawo linalembedwa choncho.

Ndawafotokozera zonsezi, iwo akuti, "Alamu, ife tikuona pepala."

Chandiwawa n'chakuti diresi la ukwati la mwana wa aneba linali pa singano. Adula ulusi ndi mano n'kuliponya pansi. Akudziwanso kuti ndili mu eda, wamasiye sindingatuluke pakhomo kuwatsatira.

Ana anga, ndi inu achimwene, mukuti bwanji? Ukwatiwo ndi Loweruka lino, ndiye ine ndakhala pa mkeka, ndikusoka pamanja.