Mabowo Amene Mwaiwathu Anamata

Lachinayi masana, sikirini ya Mwaiwathu inadanso bii. Kompyuta inkalira ndithu, koma chithunzi kunalibe. Mwaiwathu anakhala pa ndowa m'kachipinda kake m'komboni ya Kanyama.

Mtsikanayu anali wamasiye. Atalephera giredi 9 anatha zaka zinayi akutola mabotolo ndi mawaya kudzala la ku Chunga, utsi uli m'maso, magalasi akumucheka zala. Kutchalitchi anaphunzira kulumikiza makanema, kenako anasonkhanitsa kompyuta yakeyake pang'onopang'ono. Chomalizira chinali khadi la zithunzi, chipangizo chotumiza chithunzi ku sikirini. Analigula kutauni pa salaula, pomwe amagulitsa zogwirapo kale ntchito.

Ntchito yake yoyamba inali kanema wa kichini pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ya mwana wa Ba Angelina, apampando a azimayi kutchalitchi. Kanemayo ankafunika Loweruka paukwati. Koma akangoyamba ntchito, pakapita kanthawi sikirini inkazima.

Ba Angelina anafika n'kuima pakhomo. "Iwe Mwai, anthu ananiuza ati usapatse nchito mwana wa ku marabishi. Ukanichititsa nsoni, Kanyama yonse izaziba. Uzabwelela kwamene unachoka."

Sankaopseza chabe. Pakamwa pa Ba Angelina pamafika patali kuposa wailesi.

Ba Enos, ogulitsa makala pafupi, anathira mafuta pamoto. "Vinthu va salaula vimankhala na eni ake, mwana. Kapena mwine wake anafa. Peleka kwa abusa."

Mantha anamugwira Mwaiwathu. Fungo la ku Chunga ankalimva ngati lalowa kale m'chipindamo. Anasintha chingwe, osatheka. Anabwereka TV ya aneba n'kulumikiza, nayonso inada. Anazula khadilo, kulipukuta, kulibwezera. Chimodzimodzi.

Lachisanu anasiya kulira n'kuyamba kuyang'anitsitsa. M'mawa kukuzizira, chithunzi chinakhala ola lathunthu. Malata atatentha ndi dzuwa, sichinathe mphindi khumi.

"Ba Enos," anatero Mwaiwathu, "muzimu wa bwanji wamene uyembekeza zuba?"

Anagwira bokosi la kompyuta. Linali ngati mbaula. Pamenepo anaona zimene anachita yekha. Kuno chinthu cha mtengo wapatali timachikulunga, poopa fumbi ndi mphemvu. Iye anali atamata mabowo onse a bokosilo ndi katoni ndi selotepi, pamwamba n'kufunditsa chitenje. Anali atalitseka mphuno chifukwa cholikonda. Khadilo likatentha kwambiri linkadzizimitsa kuti lisafe.

Anamatula zonse. Mkati anapeza kafani koziziritsa khadi katauma gwa ndi fumbi la mwini wake wakale. Kumasula kunali koopsa: dzanja likangoterereka, khadi lapita, ndipo lina analibe. Koma zala zimenezi zinali zitamasulapo mawailesi akufa mazanamazana ku Chunga. Anachotsa tizomangira tinayi, kutsuka kafaniko ndi mswachi wakale mpaka katazungulira. Pamabowo anaikapo kansalu ka neti ya udzudzu kuti mphepo ilowe, mphemvu zitsale panja.

Anayatsa dala masana, dzuwa lili pamutu. Mphindi khumi zinadutsa, iye osaphethira. Makumi awiri. Thukuta linkatsika kumsana. Ola linakwana, lachiwiri linakwana, mkwatibwi akuvinabe pa sikirini.

Loweruka m'mawa Ba Angelina anaonera kanema yense ali chilili, nkhope ili gwa. Pomaliza anati, "Wanionetsa wonenepa maningi." Anakonza duku lawo. "Mwana wa mung'ono wanga akwatiliwa mu Disembala. Usakayende kutali."

Lero Mwaiwathu ali ndi kashopu kake, ndipo ku Chunga sanabwerereko.

Inu mukuwerenganu, pamene chanu chazima, anthu sadzachedwa kukuuzani kuti mwalodzedwa, kapena kuti simunayenere kuyesa n'komwe. Opani, palibe mlandu, koma maso akhale otsegula. Funsani kuti chikuzima nthawi yanji, chigwireni ndi dzanja, ndipo mukapeza kuti wolakwa ndinu, matulani selotepiyo. Musabwerere kudzala musanatsegule bokosi. Osataya mtima.