Mwana Wonenepa wa pa Zithunzi

Mbale ija inali yachitsulo, yoyera, ya maluwa ofiira m'mphepete, ndipo palibe munthu anadyerapo. Inali ya amalume, amene ankajambula zithunzi za maukwati m'Matero monse. Zaka zimenezo unga wa nsima tinkaufolera pamzere, mafuta ophikira a saladi ankagulitsidwa ndi kachivindikiro ka botolo, ndipo paukwati anthu ankadya kabichi. Nanga ndani angatumize kumudzi chithunzi cha kabichi? Ndiye amalume ankayenda ndi nkhuku yawoyawo, imodzi yokha, imene amayi ankakazinga Lachisanu. Ankaipaka saladi ndi nthenga kuti iwale, n'kuiika patsogolo pa akwati. Akajambula, mbale inkabwerera m'chikwama. Pofika Lamulungu inali itayamba kafungo, koma chithunzi sichinunkha.

Nyengo yozizira ija, maukwati atachuluka, amalume anapeza chinthu china choika pachithunzi: mlongo wanga wamng'ono. Anali atangosiya kuyamwa, bambo atachotsedwa ntchito, ndipo anayamba kudzaza. Masaya anafufuma, miyendo inkawala. Tsitsi linafiira, koma zithunzi za nthawiyo zinali zakuda ndi zoyera basi.

"Ba sisi, nibwerekeniko uyu mwana," anatero amalume kwa amayi. "Mkwatibwi akanyamula mwana wonenepa ni mwayi. Tikasiliza, nkhuku ni yake."

Amayi anavomera chifukwa cha mawu omalizawo. Anesi kukiliniki anali atawauza kuti mwanayo azidya nyama ndi mazira, ngati kuti mazira amatoledwa mumsewu.

Ndimakumbukira fumbi la m'mabwalo a matchalitchi, ndi milomo yathu yong'aluka ndi mphepo. Mwana ankavekedwa kasuti kobwereka, n'kukhazikidwa pamiyendo pa mkwatibwi. Akaona nkhuku ankatambasula dzanja, maso ali tong'o, anthu n'kuseka: "Ati kukonda vakudya uyu!" Pomwepo kamera inkati tcha. Amayi ankaima kumbuyo atagwira chitenge, kudikira.

Nkhukuyo sinabwerere kwathu. Loweruka amalume ankati pali ukwati wina mawa. Lamulungu ankati yaonongeka, ingamudwalitse mwana, n'kupita nayo kumowa. Tsiku lina amayi anapempha kachidutswa chabe ka phiko. Amalume anayankha akupukuta galasi la kamera: "Akakhuta sazatambasula kwanja. Mufuna niononge filimu?"

Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikunena poyera: munthu uja ndimadana naye, ngakhale ali m'manda. Ati magazi amodzi! Anabadwa mimba imodzi ndi amayi, koma anaona mwana akutupa n'kuganiza za malonda.

Ukwati womaliza unali kutentha kutayamba. Anamukhazika pamiyendo pa mkwatibwi, anasendeza mbale pafupi, koma mwana anangoiyang'ana. Amalume analiza zala, anagwedeza mbale, kenaka anamutsina pantchafu. Sanalire n'komwe.

"Wayamba ulesi uyu," anatero amalume.

Amayi, amene sankakweza mawu ngakhale kwa nkhuku, anadutsa pakati pa alendo, anathyola mwendo wa nkhuku ija ndi manja, n'kuuika pakamwa pa mwana wawo. Iye anatembenuza nkhope. Mvula isanagwe tinali titamuika m'manda.

Chithunzi chake chinakhalabe pawindo la situdiyo ya amalume pamsika, chachikulu, dzanja lili m'mwamba. Odutsa ankaima n'kunena kuti, "Onani mwana wodya bwino." Amayi anasintha njira yopitira kumsika. Ine ndinkapitako dala ndikachoka kusukulu, n'kugunditsa mphuno pagalasi. Ndinali woonda ngati bango, ndipo amalume sanandijambulepo, ankati ndingaononge chithunzi. Ndinkayang'ana masaya aja ndi nsanje yeniyeni, n'kumadzifunsa kuti amayi ankamupatsa chiyani mobisa chimene ine ankandimana.